Chitsa cha pa Njira ya Nyakolwe

Abednego Mumba anafa Lolemba, dokotala anamuyeza Lachiwiri, ndipo pofika Lachitatu anthu a m'mudzi wa Kapyanga anali atamupeza kale womupha. Pa zoterezi anthu sachedwa ayi. Anagwira Josphat Nguluwe, munthu wofula njuchi, namumanga ndi zingwe za ng'ombe, nadzamutula kupolisi ku Nyimba diso limodzi litatsekeka ndi kutupa.

Lachinayi m'mamawa Sajeni Keziah Miti anapeza mayi atakhala pakhonde la ofesi, mwana kumsana, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anali Misozi, mkazi wa Josphat. Sankalira. Keziah akadakonda mayiyo akadalira, chifukwa munthu wolira umadziwa pomugwira.

"Amai, mailo pa Chisanu aika malilo," anatero Misozi. "Akamba kuti pochoka kumanda apitilila kwathu. Aoche nyumba na nkhokwe."

"Akamba ndani?"

"Onse. Na ana omwe aziwa. Mwana wanga wamkulu anzake amufunsa kuti iwe pa Chisanu uzagona kuti."

"Muli na ana angati?"

"Anai. Chimanga tangokolola kumene, chonse chili mu nkhokwe."

Keziah anayang'ana wotchi. Maliro akumudzi amalowa m'manda dzuwa lisanafike pamutu. Anali ndi tsiku limodzi ndi kachidutswa ka m'mawa, basi.

Nkhani yake inali yotere. Chaka chilichonse mvula ikakata, kampu ya alenje ya kuchigwa cha Luangwa inkalemba amuna anayi kuti atsegule njira zimene dzinja latseka. Ankamweta udzu wotalika kuposa munthu, kudula mitengo imene njovu zagwetsera pamsewu, ndi kuyala mitengo pa zigwembe kuti galimoto ya alenje ikafike kosakira. Chaka chino anali pa njira yopita kuthamanda la Nyakolwe, kumene njati zimamwa. Lolemba chakumadzulo Abednego anapezeka atapsinjidwa ndi mtengo wa tsanya, nkhwangwa yake ili pambali. Aliyense anati ndi ngozi. Koma dokotala anati mtengowo unagwera munthu wakufa kale, ndipo chimene chinamupha ndi chitsulo chobuntha chimene chinamumenya kunkhongo. Apo ndi pamene mudzi wonse unakumbukira kuti Josphat anatukwanapo Abednego pa mowa.

M'chitokosi, Josphat anali atatsamira khoma, akumuyang'ana Keziah ndi diso lotsalalo.

"A Nguluwe, pa Mande munali kuti?"

"Mu sanga, amai, mu thengo muja. Nikhale kuti ine? Njuchi zilibe ofesi."

"Anakuonani ndani?"

"Kambalame kaja kotsogolela ku uchi. Kaitaneni kazanichitile umboni."

"Musaniseke. Munayambana na Abednego."

"Tinayambana. Anapasula misampha yanga ya nkhanga, ine ninamutukwana pa anthu, na amai ake ninawachula. Nivomela. Lomba kutukwana ni kupaya?"

"Mumagwetsa mitengo?"

"Ngati njuchi zili pamwamba, nigwetsa. Nidula apa." Analoza m'chiuno mwake. "Monga munthu aliyense wokonda msana wake."

Keziah anatseka kabuku kake. Munthuyu analibe mboni, analibe ulemu, ndipo pakhoti pakamwa pake pomwepo pakadamumangitsa. Keziah ali pakhomo, Josphat anamuitana.

"Amai a polisi. Ngati mufuna anthu oyenda mu sanga ija, nisiyeni ine wa mapazi. Funsani njinga zamoto zamene zifika ku Nyakolwe osapitila pa kampu."

"Zipita kuti?"

"Niziwa lini. Ine nimvela chabe kulila kwake. Koma njila ilipo, ndipo siinazidule yeka."

* * *

Anafika ku Kapyanga dzuwa litapendeka pang'ono, msana utasweka ndi mabampu. Keziah anatsitsa Misozi pakhomo pake, nauza Kositebo Jordan, amene ankayendetsa galimoto, kuti asachoke panyumbapo ngakhale kugwe chiyani. Nyumba yake inali ya udzu, nkhokwe ili pafupi yodzaza mpaka kukamwa. Anyamata atatu anali atakhala pachulu chapatali, akungoyang'ana, osabisa n'komwe.

Pamaliro anamulozera kwa a Whiteson Sakala. Iwowa ndiwo anali kapitao wa gulu lotsegula njira, komanso malume enieni a malemu, ndiye eni maliro. Anali munthu wowonda, jekete lakuda atalimanga mabatani onse ngakhale kunkatentha, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu kutchalitchi.

"Mwana uja ninamulela ine," anatero. "Nkhwangwa yake yoyamba ninamuikila mpini na manja aya."

"Pepani, bambo. Niuzeni mmene musewenzela."

"Munthu aliyense na ndime yake, amai. Pa Mande ine ninali kumunsi. Kutsogolo kwanga Febian, kutsogolo kwake Webster, kumutu Abednego. Sitionana. Kuitana na pakamwa sikumveka, koma nkhwangwa imveka. Ndiye dzuwa likafika pamutu tigogoda. Ine niyamba, katatu, na kumbuyo kwa nkhwangwa pa mtengo wouma. Wotsatila ayankha kawili, wina kawili, mpaka kumutu. Amene sanayankhe, mnzake asiya nchito apita kukamuona. Kuli njati kuja. Kuli nkhalamu."

"Pa Mande anayankha onse?"

"Onse. Mukafunse."

"Nanga Josphat munamuona?"

"Mapazi ake ninayaona pa mchenga sabata yatha. Sinikamba kuti ni iye. Mulungu ndiye aziwa."

"Bambo, namvela za mailo. Anyamata aja ni anu. Muwagwile."

A Sakala anapukuta magalasi awo ndi kansalu, mosafulumira.

"Pa nchito animvela, amai. Pa chisoni sanganimvele."

Keziah anakwiya, koma analibe pogwira. Munthu wolira mphwake sumukalipira pamaso pa anthu. Anapempha woti amuperekeze pamene Abednego anafera, ndipo anamupatsa Febian ndi njinga yamoto ya pakampu.

* * *

Febian anali munthu wosatha kukhala chete. Kuyambira pamudzi mpaka kudutsa pakampu analankhula za kashembe, za mtengo wa mafuta, za njovu ina yopanda mnyanga imene inamuthamangitsa chaka chatha. Keziah ankangomva ndi khutu limodzi. Chimene chinamudabwitsa ndi njirayo. Inali pakati pa thengo lenileni, koma njinga inkangoyenda myaa, kuposa msewu wa boma umene anadzera m'mawa.

"Njila yanu ni yosalala," anatero.

"Aa, amai, ni amdala aja! Zaka makumi awili na ziwili, tayala olo imozi siinaphulikepo pa njila yao. Chitsa cha tsanya chili monga mkondo, chiboola tayala ya galimoto kamozi chabe. So ise tidula kawili. Poyamba ugwetsa mtengo, udula pa nkhongono. Ukagwa, ugwada, udula chitsa pansi penipeni, chilingane na dothi, chipika uponya kutali. Ukasiya olo chala chimozi, amdala akubweza, olo dzuwa lalowa. Ine manje na kumunda kwanga nichita chimozimozi, akazi anga aniseka."

Anaima pamene udzu womweta unathera. Kutsogolo kunali thengo losakhudzidwa. Mtengo wa tsanya unali chigonere kumanja, masamba atayamba kufota, ndipo pansi pake panali dothi lakuda limene nyerere zinali zisanathane nalo.

Keziah anawerenga mapazi kuchokera m'mbali mwa njira kukafika patsinde. Asanu ndi atatu.

"Mtengo uyu unali kutsekeleza njila?"

"Iyayi. Uli patali."

"Nanga anaudulila chani?"

Febian anakanda m'mutu.

Keziah anakulira ku Kaumbwe, mwana wa mlimi, ndipo miyendo yake inali ndi zipsera za zitsa za m'munda mwa bambo ake. Anafunafuna chitsa cha mtengowo ndi maso, osachiona. Anachita kupalasa masamba ndi nsapato. Chinali pomwepo, chodulidwa molingana ndi dothi, chosalala ngati mbale. Analowa m'udzu nayenda mozungulira, minga ikumukola buluku, mpaka phazi lake linagunda chinthu. Chinali chipika cha tsanya, chotalika ngati kuchokera pachidendene kufika pabondo, chodulidwa mbali zonse ziwiri.

Anachinyamula. Chitsa amachidula mtengo utagwa. Munthu amene mtengo wamugwera sadzuka kudzasalaza chitsa chake. Wofula njuchi sagwada pansi kulimbana ndi tsanya, mtengo wolimba ngati chitsulo, pamalo poti tayala silidzapondapo mpaka kalekale. Amene anachita izi manja ake anazolowera, moti anachita osaganiza. M'chigwa chonsecho munatsala amuna atatu okha a manja otere.

Mmodzi wa iwo anali ataima kumbuyo kwake, chikwanje chili m'manja.

* * *

"A Febian, ikani chikwanje pansi."

Febian anayang'ana chikwanjecho ngati wina wangomugwiritsa kumene. Anachiponya uko, maso ali pa chipika chija. Nayenso anali ataona.

"Amai, ni cha minga chabe. Ine sininafike kuno pa Mande, nilumbila. Nafika pamene Webster anatiitana."

"Pamene munanyamula mtembo, pali amene anagwila nkhwangwa pa chitsa ichi?"

"Kulibe. Tinali kulila ise. Ndani angaganize za chitsa?"

"Niuzeni za kugogoda. Zonse, osasiyako."

Febian anakhala pansi pa udzu womweta. Mawu ake, amene tsiku lonse ankathamanga, tsopano ankatuluka limodzilimodzi.

"Dzuwa linafika pamutu. Ninayembekeza. Kumunsi kuli zii. Ninayembekeza futi. Ninati kapena ni mphepo, chifukwa inali kuchoka kumutu kupita kumunsi. So ninagogoda chabe kawili, kuti anzanga asadabwe. Webster anayankha."

"Ndiye kuti a Sakala simunawamvele?"

"Sininawamvele."

"Lamulo likuti wosayankha mupita kukamuona. Munapita?"

"Amai, kapitao? Nikawapeze akupumula, niwachititse manyazi? Madzulo ninawapeza pa ndime yao, ali bwino."

"Chifukwa chani simunakambe?"

"Kulibe ananifunsa. Kabili ni amalume ake. Munthu ungaganize bwanji chinthu chotelo?"

Keziah anakulunga chipika chija m'chitenje chimene ankayenda nacho m'chikwama. Kusamva kwa munthu mmodzi, mphepo ikuwomba, si umboni. Febian akhoza kukhala kuti akudziphimba yekha. Kunatsala Webster, amene sanapite kumaliro ati chifukwa akulonda zida pakampu.

Anamupeza kuseri kwa shedi akunola chikwakwa ndi tupa. Anali chimunthu chachikulu, cha mawu ochepa, ndipo sanadzuke kupereka moni.

"Ndimwe munapeza mtembo?"

"Ndine."

"Nthawi yanji?"

"Yoweluka. Sanabwele. Ninapita."

"Masana Abednego anayankha kugogoda?"

"Kunayankhidwa."

Keziah anaona mmene munthuyo anasankhira mawu ake.

"Kangati?"

Tupa linaima.

"Katatu."

"Abednego anali kugogoda katatu?"

"Zaka zisanu na chimozi nasewenza naye. Kawili. Tonse kawili. Katatu ni munthu mmozi chabe, ndipo iye sanayankhepo munthu chibadwile. Iye ayamba."

"Munaganiza chani?"

"Ninaseka. Ninati mwana uyu ayamba kuzimvela ukapitao. Pambuyo ninamvela nkhwangwa. Mtengo unagwa. Nkhwangwa inalila futi, pansi pansi, ya chitsa. Ninati ali bwino, asewenza. Madzulo namupeza pansi pa mtengo. Mtengo wogwa ni umozi chabe. Ninaponda pa chitsa pofuna kuusuntha. Chosalala."

Apa Keziah anamvetsa chifukwa chake wakuphayo anayankha kugogoda. Akadakhala chete, Webster akadasiya ntchito n'kubwera kudzaona, n'kumupeza ali pa mtembo. Anayenera kuyankha. Koma dzanja limene lagogoda katatu zaka makumi awiri ndi ziwiri silidziwa kuima pachiwiri.

"A Webster, mwakhala na ichi masiku atatu. Munthu ali mu selo. Ana ake mailo awaochela nyumba."

"Niziwa."

"Nanga?"

"Ninganene chani? Kuti ninamvela nkhwangwa? Aja ni akulu a mpingo. Ine ndine wobwela, wa ku Katete. Anganiochele ine." Anaika tupa pansi. "Ndiye chifukwa sininapite ku malilo. Siningakhale pafupi nao, nione akulila."

Keziah anafuna kumutukwana, koma mantha a munthuyo anali oona, ndipo iye mwini anali ataona anyamata aja pachulu. Panatsala mafunso awiri. A Sakala anafika bwanji kumutu osadutsa pa ndime ya Febian ndi ya Webster? Ndipo munthu angaphe mphwake amene anamulera chifukwa chiyani?

"Abednego anakambapo za njinga zamoto?"

Webster anadzutsa mutu.

"Pa Sondo. Anati aona matayala pa mchenga, kutsogolo kwa ndime yake. Kumene kulibe njila."

Dzuwa linali litalowa kale, ndipo thengo lija munthu salowamo usiku. Keziah anayenera kudikira kuche, tsiku la maliro.

* * *

Kutangoyera anakwera atatu pa njinga imodzi, Febian akuyendetsa. Pa mtengo wa tsanya paja anatsika nayamba kufufuza kutsogolo, m'udzu wonyowa ndi mame. Webster ndiye anaona. Mapazi makumi anayi kuchokera pamene Abednego analekezera panali mulu wa nthambi za minga, zouma, zosanjikizidwa bwino. Njovu siisanja nthambi. Atazikoka, kanjira kanaonekera, kopapatiza, kongokwana njinga yamoto yonyamula katundu.

Keziah anayenda pang'ono akuyang'ana pansi. Chitsa choyamba, chosalala. Chachiwiri, chosalala. Zina zinali zakuda, zodulidwa zaka zapitazo, zina za chaka chomwechi.

"Mayo ine," anatero Febian. "Iyi ni nchito yathu. Koma ise sitinaidulepo."

Abednego, pokhala kumutu, akadafika pa minga imeneyi Lolemba lomwelo.

Anakweranso njinga natsata kanjirako. Kankayenda chobisala m'mbali mwa kamtsinje kouma, kutsika mofanana ndi njira yaikulu koma kuseri kwa kaphiri. Penapake panali thandala la mitengo loyanikapo nyama, phulusa lili pansi, mitu iwiri ya njati itatayidwa m'dzenje pamodzi ndi mawaya a misampha ya opha nyama mozembera. Fungo lake linawatsata mtunda wautali. Patsogolo pang'ono Febian anachepetsa liwiro nalozera kudzera m'mitengo. Njira yaikulu inkaoneka, pafupi zedi.

"Paja ndiye panali ndime ya amdala pa Mande," anatero ndi mawu otsika.

Kampu anaidutsa osaiona. Dzuwa linakwera, kashembe akuwaluma m'khosi, Keziah akungoyang'ana wotchi. Kenaka mitengo inatha mwadzidzidzi, ndipo anatulukira kumapeto kwa munda wa thonje, pamene panalinso mulu wina wa minga. Kutsidya kwa mundawo kunkamveka nyimbo ya maliro.

"Munda wa ndani uyu?"

Febian ndi Webster anayang'anizana.

"Wa a Sakala," anatero Webster.

* * *

Kumanda anapeza dothi atakwirira kale, amayi akuika nkhata za maluwa. Mtima wa Keziah unakhala pansi. Anaganiza kuti wafika nthawi yabwino. Ankadziwa kuti mawu a wapolisi sangaimitse mudzi wokwiya, koma mawu otuluka pakamwa pa a Sakala, pamaso pa onse, akhoza.

Anadutsa pakati pa anthu, fumbi lili thupi lonse, namasula chitenje. Chipika chinagwa pamapazi pa a Sakala. Nyimbo inazilala mzere ndi mzere mpaka inatha.

"Bambo, ichi muchiziwa?"

A Sakala anawerama nachitola. Anachitembenuza, nayendetsa chala chachikulu podulidwa, monga ankachitira poyendera ntchito ya anyamata awo.

"Ni tsanya," anatero.

"Chachoka pa chitsa cha mtengo umene unagwela Abednego. Anachidula ndani, mtengo utagwa kale pa iye?"

"Amai, tili pa manda."

"Niziwa pamene tili. Pa Mande masana Febian sanamvele kugogoda kwanu kumunsi. Webster anakumvelani kumutu. Katatu. Ndipo ise tabwela na njila yanu ija, kuchoka ku Nyakolwe mpaka mu thonje lanu. Taona na nyama zamene zipitamo."

A Sakala anayang'ana Febian, kenaka Webster. Febian anagwetsa nkhope. Webster sanaphethire.

Mayi wina wokalamba, amene anali atakhala pansi pafupi ndi mtumbira atagwiridwa ndi anzake, anadzuka. Anali mlongo wawo wa a Sakala, mayi ake a Abednego.

"Whiteson," anatero. "Yankha."

Keziah ankayembekezera kukana, kapena kuthawa. Koma munthuyo anangokhala ngati wafota mkati mwa jekete lake. Analankhula ndi liwu lomwe lija la kutchalitchi, osayang'ana aliyense.

"Ninapita kuti nimubweze asanafike pa minga. Ninamupeza wachotsa kale. Ninamuuza, mwana wanga, tseka, pitilila, iwe sunaone kanthu. Anthu a njinga aja si anthu oseka nao. Akuti amalume, iyi ni nkhwangwa yanu, niiziwa. Akuti nizakamba pa kampu. Ninamugwadila, ine. Ananifulatila, nkhwangwa ili mu manja mwanga."

Mayi uja anagwa pansi.

"Nanga chitsa?" anafunsa Keziah. Sankafunikira yankho, koma mtima wake unkafuna kumva.

"Sinikumbuka kuti ninachidula. Ninazindikila nili kuponya chipika mu udzu."

Keziah anawaveka unyolo.

"Manje uzani anyamata anu. Mokweza. Auzeni kuti Josphat alibe mlandu."

Anatembenuka kuti aone anyamatawo. Panali amayi, madoda, atsikana a kwaya, ana. Makasu okumbira manda anali atasiyidwa pamulu. Mwa amuna amene anakwirira dothi panalibe ndi mmodzi yemwe.

"Anyamata ali kuti?"

"Anachoka atangomaliza kukwilila," anayankha mtsikana wina. "Anati akasambe m'manja."

Kuseri kwa mitengo ya mango, kumapeto kwa mudzi, utsi wakuda unali utayamba kale kukwera.

Keziah anasiya a Sakala m'manja mwa Webster nathamanga. Anathamanga ngati mwana, akugwa, akudzuka, akukuwa mawu amene palibe ankawamva. Atafika, denga linali litagwera kale mkati. Nkhokwe inkayaka ndi mkokomo, chimanga chikuthetheka, fungo lake lokoma ngati la chowotcha pamsika. Anyamata aja anali atabalalika. Uthenga wa kumanda unawapeza mochedwa ndi mphindi zochepa chabe.

Jordan anali ataima pakati pa bwalo, magazi akutsika pamphumi, chipewa palibe. Ana atatu anali atamukangamira m'miyendo.

"Anali ambili, bwana," anatero. "Ninakwanitsa chabe kutulutsa ana."

Misozi anali atakhala pansi chapatali, khanda lili pabere, pambali pake pali poto mmodzi ndi bulangeti. Ankayang'ana nkhokwe. Keziah anagwada pafupi naye. Anali ndi uthenga wabwino, ndipo sanachitepo manyazi ndi uthenga ngati tsiku limenelo.

"Amai, wakupha tamugwila. Amuna anu alibe mlandu. Mailo nizawatulutsa, nizawabweletsa nekha."

Misozi sanachotse maso pamoto. Anasuntha khanda kulipereka kubere lina.

"Kumene ali kuja, akudya?"

"Akudya."

"Agona mukati?"

"Mukati."

"Musawatulutse mailo, amai," anatero Misozi. "Asungeniko masiku awili."